Wosoka Makapeti wa ku Kayseri

Ndimasoka makapeti akale kuseri kwa msika wa Kayseri,
m'kachipinda konunkha ubweya ndi fumbi la m'nyumba za eni.
Zaka makumi awiri ulusi sunaphonyepo bowo la singano yanga,
mpaka Lachitatu lija, phiri la Erciyes litafunda chipale,
pamene ulusi wofiira ndi wakhofi
unayamba kundinamiza kuti ndi umodzi.

Diso lamanzere linali psuu, ngati ndalira mobisa.
Dzuwa la pakhomo linkandilasa.
Timadontho takuda tinkayandama pa maluwa a kapeti,
ndinkatiingitsa ndi dzanja, osachoka.
Nurhayat anati ndi fumbi chabe, n'kunditsuka ndi tiyi wozizira.
Ndinamukhulupirira masiku asanu ndi anayi.

Dokotala Özkaya anakhazika chibwano changa pa kachitsulo,
nadutsitsa m'diso kuwala kopyapyala ngati lumo.
Anakhala duu.
Kenako: "M'munsimu mwadikha kamzere koyera,
ngati mkaka wotsalira m'kapu. Yasamulani."

Ndinati, mayi, ine ndabwera ndi diso.

Anawerenga zilonda zitatu kuseri kwa mlomo,
zomwe ndinkanamizira tsabola chiyambire unyamata.
Anafunsa za bondo lotupa nyengo yozizira yapitayi,
za zotupa zofiira pa msongolo,
anafunsanso za malo ena
amene ngakhale Nurhayat sindinamuuzepo.
Ndinayankha nditayang'ana nsapato.

Namwino anandibaya pamkono, ine mwini singano,
nazunguliza pobayapo ndi cholembera.
Patatha masiku awiri panamera katsungu.
Khungu linali litaulula.

"Diso langokhala mboni," anatero dokotala.
"Mlandu uli m'mitsempha ya magazi.
Asilikali a m'thupi mwanu asokonezeka mutu,
akuwotcha mudzi womwe analumbira kuulonda.
Tikangozima pawindo pokha,
moto ubwerera, ndipo ubwerera ndi diso linalo."

Choyamba anafufuza chifuwa chachikulu m'magazi ndi m'mapapo,
kuopa kuti alonda akagonekedwa, mbala yeniyeni ingadzuke.
Ndiyeno madontho, ola lililonse,
wotchi ikulira ngakhale pakati pa swala;
ena otambasula mwana wa diso kuti asamatirire,
dziko lonse n'kusanduka nkhungu yowala.
Mapiritsi anandifufumitsa masaya ngati buledi wa m'mawa,
tulo anatilanda, ukali anandipatsa,
ndinakalipira Doğukan, wophunzira wanga, pa mfundo imodzi yokha.
Tinawatsitsa pang'onopang'ono, theka ndi theka,
monga utsikira makwerero utanyamula galasi.
Lero ndi jekeseni pantchafu milungu iwiri iliyonse,
wosungidwa m'firiji pambali pa yogati,
ndi kupimitsa magazi mwezi ukatha.

Sizinabwerere zonse.
Kumanzere kwatsala kachigamba kotuwa
komwe nkhope ya munthu imasowa mphuno.
Mitundu yoderako amandisankhira ndi Doğukan,
amayiyala pawindo, osanena kanthu.
Ndinamupepesa ndi mbale ya mantı.

Dzulo mayi wina wabweretsa kapeti ya ukwati wa amayi ake,
kabowo kake kochepa ngati khobidi.
"Pokhapa basi," akutero, "musachedwe nayo."
Ndaitembenuza.
Kunsi njenjete zadya msewu wautali, kuchoka ngodya kufika ngodya,
ulusi wa maziko wangotsala pang'ono kuduka.
Ndimadziwa zimenezi kuyambira ndili mnyamata:
bowo la pamwamba umalifunsa kunsi.
Kungoti sindinaganizepo
kuti tsiku lina wotembenuzidwa ndidzakhala ine.

Wotchi yalira. Ndapukusa botolo,
ndagadamika, denga lili ndi mng'alu womwe sindinkauona kale.
Dontho loyamba lagwera patsaya.